Kodi h-index yokha ikwanira poyeza wofufuza wa matenda opatsirana ndi khansa?

Mwafunsa ngati h-index (nambala yoyezera kuchuluka kwa mapepala a wofufuza ndi momwe ena amawatchulira) yokha ingakuuzeni kulemera kwa ntchito ya wofufuza wotere. Ayi, siikwanira. H-index ya 40 imangotanthauza kuti ali ndi mapepala 40 omwe lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 40. Yambani ndi nambala yake ya ORCID (nambala yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha), chifukwa mayina ofanana amasokoneza ziwerengero. Kenako, mwa malo a pa intaneti owerengera mapepala a kafukufuku, onani pa Scopus, osati Google Scholar yokha, yomwe imawerengera ngakhale mathesisi a ophunzira, n'chifukwa chake manambala ake amakhala okwera. Chotsaninso pomwe wadzitchula yekha. Komanso nthawi imanyenga, chifukwa kulemera kwa ntchito kumatha kudziwika mochedwa: gulu la wasayansi Harald zur Hausen linapeza kachilombo ka HPV16 m'khansa ya khomo la chiberekero mu 1983, koma mphoto yake ya Nobel inadzabwera mu 2008.