Tikufuna kuphunzitsa ana athu tokha ngati gulu kuno ku England: tiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Leicester. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Ndife mabanja anayi a ku Malawi ndi limodzi la ku Zambia, tonse timapemphera tchalitchi chimodzi. Ana athu pamodzi alipo 9, wamng'ono wa zaka 6, wamkulu wa zaka 13. Awiri sakukondwa kusukulu, mmodzi mwa iwo anzake amamuvutitsa. Taganiza zowatulutsa onse kuti tiziwaphunzitsa tokha m'holo ya tchalitchi, Lolemba mpaka Lachisanu. Mmodzi wa ife anali mphunzitsi kumudzi, ndiye tizimupatsa kangachepe mwezi ukatha. Kodi n'zololedwa? Nanga tiyambire pati?"

Zikomo mayi polemba. Ndiyambe ndi chowawa kuti chitichoke. Kuphunzitsa mwana wanu pakhomo n'kololedwa ku England, koma zimene mwalongosolazi lamulo silizitenga ngati maphunziro a pakhomo. Imeneyo ndi sukulu, ndipo kuyendetsa sukulu yosalembetsa ndi mlandu.

Lamulo limene limakupatsani ufulu ndi Education Act ya 1996, gawo 7. Limati udindo woona kuti mwana wa msinkhu wa sukulu akulandira maphunziro okwanira, oyenerana ndi zaka zake ndi nzeru zake, uli pa kholo, kaya mwanayo akupita kusukulu kaya akuphunzira mwa njira ina. Simufunika satifiketi ya uphunzitsi, ndiponso palibe wokukakamizani kutsata National Curriculum. Simuli nokhanso ayi: unduna wa zamaphunziro unawerenga ana pafupifupi 111,700 ophunzira pakhomo ku England chakumapeto kwa 2024. Mwana akakhala pasukulu wamba, mumalembera ahedi kalata yoti mwamutulutsa, iwo amafufuta dzina lake m'kaundula n'kudziwitsa khonsolo. Akakhala pasukulu ya ana ofuna chisamaliro chapadera imene khonsolo inamupezera, pamafunika chilolezo cha khonsoloyo kaye. Amene mukuwerenga muli ku Scotland, kwanuko n'kosiyana: mwana amene ali kale pasukulu ya boma satulutsidwa khonsolo isanavomere.

Tsono malire ali apa. Malo alionse amene akupereka maphunziro a nthawi yonse kwa ana asanu kapena kuposerapo a msinkhu wa sukulu, lamulo limawatenga ngati sukulu yoyima payokha, ndipo ayenera kulembetsa ku unduna wa zamaphunziro uja, Department for Education. Pakakhala mwana mmodzi yekha amene ali ndi EHC plan (chikalata cha khonsolo cholongosola thandizo lapadera limene mwana akufunika pa maphunziro, umoyo ndi chisamaliro), kapena amene ali m'manja mwa khonsolo, chiwerengero cha asanucho sichigwiranso ntchito: mmodzi yemweyo wakwana. Lamulo silinatchule maola, koma malangizo a unduna amati malo otsegula masana kwa maola 18 kapena kuposa pa sabata amaonedwa ngati a nthawi yonse. Musathamangire kupanga 17 n'kumati tawachenjerera. Amayang'ananso ngati malowo ndiwo akupereka pafupifupi maphunziro onse a mwanayo. Education and Skills Act ya 2008, gawo 96, ndiyo imanena za mlanduwu, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa ngakhalenso miyezi 6 kundende. Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu, inakhazikitsa gulu lofufuza sukulu zoterezi mu 2016, ndipo anthu oyamba anapezeka olakwa ku London mu 2018. Ana 9, masiku asanu, mphunzitsi wolipidwa, holo imodzi: a Ofsted atagogoda, muwauza kuti chiyani? Ndipo kwa ife amene tikukhala kuno ndi ma visa, mlandu wa kukhoti sumathera pa chindapusa. Umakudikira tsiku lokonzanso mapepala.

Gulu limene limayenda bwino limakhala laling'ono kuposa pamenepo. Banja lililonse limaphunzitsa ana ake kunyumba kwake masiku ambiri, kenako mumakumana kawiri pa sabata, mwina Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko, makolo ali pomwepo. Tsiku lokumana ndi la zinthu zovuta kuchita wekha pathebulo la m'khitchini: kuyesa za sayansi, mtsutso, sewero, kwaya, mpira, ulendo wa ku laibulale kapena ku National Space Centre imene muli nayo pafupi ku Leicester komweko. Kuwerenga ndi masamu zimafuna tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo ndi za mayi ndi bambo a mwanayo. Khonsolo ikadzalemba kalata yofunsa za maphunziro a mwana, idzalembera inuyo, osati gulu. Ikapanda kukhutira imatha kupereka School Attendance Order, kalata yolamula kuti mwana alembetsedwe kusukulu. Choncho banja lililonse lisunge makope a ana ake, ndi kabuku kolembamo zimene aphunzira sabata iliyonse.

Pali funso limene simunafunse, ndipo kwa ine ndilo lalikulu kuposa la malamulo: ndani ali pakhomo masana? Ambiri a ife timagwira za unamwino, zosamalira okalamba, za m'mawarehouse. Tengani pepala, mulembe mayina a akuluakulu nonse kumanzere ndi masiku a sabata pamwamba, aliyense aikemo mashifiti ake enieni a mwezi wathawu, osati amene amalakalaka. Mudzaona nokha. Amene waweruka 8 koloko m'mawa atachezera usiku wonse kutembenuza odwala, 10 koloko sangaphunzitse ma fractions, angakhale ndi mtima wabwino chotani. Bokosi la Lachitatu likakhala lopanda munthu, ndiye kuti Lachitatu mwana adzakhala ndi foni. Gulu lotere limafanana ndi chipereganyu: limakoma aliyense akamaponya yake pa nthawi yake, ndipo limafa mwezi umene mmodzi wayamba kunena kuti "mundimvetse achemwali, zandithina". Pomatha miyezi itatu mumapeza kuti mtolo wonse wagwera mayi mmodzi amene sagwira ntchito yolembedwa, ndipo iye sadandaula pamaso panu, amakadandaulira kwina.

N'chifukwa chake ndimati lembani pangano, ngakhale ndinu a mpingo umodzi, makamakanso chifukwa ndinu a mpingo umodzi. Tsamba limodzi lokha. Ndani aphunzitsa chiyani, wolephera kubwera adziwitse nthawi yanji, msonkhamsonkha ndi zingati pa teremu ndipo asunga ndani, banja lofuna kutuluka linene liti. Ndalama zisadutse mu akaunti ya munthu mmodzi popanda wachiwiri woona. Muikemonso za mwambo, chifukwa apa mpamene Amalawi timakhumudwitsana. Tinakula mphunzitsi akuyenda ndi kamtengo, ndipo mwana wa mnzako ukamupeza akulakwa unkamulanga pomwepo. Kuno iwalani. Palibe wokweza dzanja pa mwana wa mnzake, olo kumukoka khutu. Ku Scotland kuyambira 2020 ndi ku Wales kuyambira 2022 ngakhale kholo lenileni silingadziteteze ponena kuti limalanga mwana wake, ndipo ku England komweku nkhani yotere imafika kwa a social services msanga kuposa mmene mungaganizire.

Za mnzanu amene anali mphunzitsi: ndi dalitso, koma musamusandutse sukulu. Akhale wothandiza makolo kukonza mapulani ndi kuona ngati mwana akupita patsogolo, atengenso phunziro limodzi kapena awiri pa tsiku lokumana. Iyenso akhala ndi zophunzira, pakuti kukonzekeretsa ana mayeso a MANEB n'kosiyana ndi zimene ofunsa mayeso a kuno amafuna. Mukamulipira, aone kaye ngati visa yake imalola ntchito yotero, ndipo za msonkho ku HMRC zikhale zolongosoka. Dziwaninso kuti munthu wolipidwa kusamala ana osakwana zaka 8 kwa maola oposa awiri patsiku kawirikawiri amafunika kulembetsa ku Ofsted, chomwe ndi chifukwa china choti makolo musamangotula ana pakhomo la holo n'kuthamangira basi. Wamkulu aliyense wophunzitsa ana a eni akhale ndi DBS check (kafukufuku woona ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu), ndipo funsani akuluakulu a tchalitchi ngati inshulansi ya holoyo imakhudza gulu lanu kapena mufunika yanuyanu.

Zipangizo si vuto kwenikweni. Oak National Academy ndi BBC Bitesize n'zaulere pa intaneti, khadi ya laibulale ndi yaulere, ndipo bungwe la Education Otherwise lakhala likulangiza makolo otere kuyambira m'ma 1970. Chimene chimadula ndi mayeso. Mukangotulutsa mwana, boma silikupatsani kalikonse, ndipo khonsolo ilibe udindo wokulipirirani mayeso a ku sekondale a GCSE. Wa zaka 13 uja adzalemba ngati private candidate. Inuyo ndi amene mudzasake malo ovomera kumulembetsa, n'kulipira mapaundi oposa 100 pa phunziro lililonse, nthawi zambiri kuposa pamenepo ndithu. Mabanja ambiri amasankha IGCSE ya Cambridge kapena ya Pearson Edexcel chifukwa maphunziro ambiri amatheka ndi mayeso olemba okha, popanda ntchito ya m'kalasi yofuna mphunzitsi woichonga. Mayeso aakulu amakhala mu Meyi ndi Juni, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo, cha mu Febuluwale. Yang'ananinso gov.uk musanalembe kalata iliyonse, chifukwa bilo ya Children's Wellbeing and Schools imene inapita ku Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2024 inabwera ndi nkhani ya kaundula wa ana osapita kusukulu.

Mutandifunsa maganizo anga, mayi, sindingatulutse ana 9 chifukwa cha awiri. Enawo munawafunsa? Mwana akachoka, sukulu siimusungira malo, ndipo mukadzasintha maganizo mudzapemphanso kudzera ku khonsolo, mwina n'kupatsidwa sukulu ya kutali. Za wovutitsidwayo, makolo ake alembere ahedi kalata, apemphe ndondomeko ya sukuluyo yothana ndi nkhanza za ana, ndipo zikakanika dandaulo lipite kwa ma governors, komiti yoyang'anira sukuluyo. Zikalephereka zonsezo, kumutulutsa kapena kumusamutsa ndi ufulu wawo, ndipo sindingawadzudzule.

Gulu lanulo liyambeni Loweruka, ana akadali kusukulu, kwa teremu imodzi yathunthu. Maola atatu: masamu, kuwerenga, ndi ola limodzi la Chichewa, poti anawa akamalankhula ndi agogo pa WhatsApp amathera pa "ndili bwino kaya inu". Muzilemba amene wabwera ndi amene wapepesa. Teremu ikatha, khalani pansi ndi kabuku kameneko ndi pepala la mashifiti lija, ndipo banja lililonse lisankhe palokha za ana ake. Koma makolo a wa zaka 13 asadikire teremuyo kutha. Ayambe sabata ino kuimbira malo olembetsa mayeso m'dera lanu, afunse maphunziro amene amalandira ndi mitengo yake, asanatumize kalata kwa ahedi.