Funsani Adokotala: Kodi mafuta angadzutsedi mtima woti waima?

Adokotala, ine ndikuphunzira unamwino ndiye tsiku lina mu fiyeta ndinaona thumba la zoyera ngati mkaka ataliika padera, polembedwa kuti Intralipid. Akuti ndi la munthu amene mankhwala ochititsa dzanzi amuchulukira mpaka mtima kuima. Zoona zimenezi?
Wophunzira unamwino

Eya ndi zoona ndithu, ndipo mwachita bwino kufunsa chifukwa thumba limenelo likafunika sipakhala nthawi yomafufuza kuti lili kuti.

Mankhwala ngati bupivacaine ndi lidocaine timabaya kuti pamalo pokhapo pachite dzanzi, koma singano ikalowa mumtsempha wa magazi mwangozi kapena dozi ikachuluka amathamangira kuubongo ndi kumtima. Wodwala amayamba kunena kuti milomo yachita dzanzi, mkamwa mukumveka ngati chitsulo, makutu akulira, kenako amakomoka nkumagwedezeka ngati wakhunyu mtima nkuyamba kugunda mosokonekera, ena zizindikiro zoyambazo sizioneka nkomwe. Woopsa kwambiri ndi bupivacaine poti amakakamira mumtima osachoka msanga.

Koma mankhwala omwewa amakonda mafuta. Intralipid 20% ndi mafuta a soya, akalowa mmagazi amakoka mankhwala aja kuwachotsa kumtima. Dr Guy Weinberg wa ku Chicago anaziona pa makoswe mu 1998, ndipo mu 2006 madokotala ku New York analemba za munthu amene mtima unadzuka atamupatsa mafutawa zina zonse zitakanika.

Timayamba ndi 1.5 ml pa kilo iliyonse, ndiye kuti munthu wa makilo 70 ndi pafupifupi 100 ml, kenako dripi ya 0.25 ml pa kilo pa mphindi, onse pamodzi asapitirire 12 ml pa kilo.

Chimene ndimawachonderera ophunzira anga nchakuti mafutawa salowa mmalo mwa CPR, kuja kokanikiza pachifuwa ndi kumupumitsa munthu mtima ukaima. Siyani kubaya mankhwala a dzanziwo pompo, itanani anzanu, oxygen apite, kugwedezekako kuletsedwe ndi midazolam kapena diazepam. Adrenaline, mankhwala odzutsa mtima, ndi wa dozi yochepa basi, lidocaine amene timapereka mtima ukamagunda mosokonekera ayi poti mukungoonjezera poizoni yemweyo. Ndipo chonde propofol, mankhwala ogonetsa munthu pa opareshoni, asakunamizeni kuti nayenso ndi woyera, mafuta ake ndi ochepa komanso amafooketsa mtima. Pokanikiza pachifuwa muzisinthana osasiya msanga, bupivacaine amachedwa kuchoka moti ena mtima umadzabwerera patatha ola lathunthu.