Mwana watenga kosi ya baseball ku yunivesite: kodi fizi ikupita m'madzi?

Mayi ena andilembera pa imelo ali ndi nkhawa. Mwana wawo ali pa yunivesite ku America, ndipo teremu ino watenga kosi ya mbiri ya baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo otchuka kumeneko. Akufunsa kuti: "Tizivutika ndi fizi kuti iye azikaphunzira zamasewera?"

Mayi, mtima m'malo. Makosi amenewa kawirikawiri amaphunzitsidwa ndi akatswiri a mbiri yakale, ndipo mwana amakhalira kuwerenga, kufukula nyuzipepala zakale ndi kulemba.

Poyambira penipeni amakumana ndi bodza. Mu 1907 komiti ina inagamula kuti Abner Doubleday, amene anadzakhala mkulu wa asilikali, ndiye anayambitsa masewerawa m'tauni ya Cooperstown ku America mu 1839, umboni wake uli mawu a nkhalamba imodzi basi. Chonsecho gwero lake ndi masewera akale a ndodo ndi mpira ochokera ku England, kungoti akuluakulu ankafuna kuti baseball ikhale yobadwira ku America. Mwana amene waphunzira kugwira bodza lotere waphunzira ntchito yeniyeni ya kafukufuku.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya tsankho. Kwa zaka zoposa 60 anthu akuda sankaloledwa m'maligi akuluakulu. Sanakhale manja lende: mu 1920 Rube Foster anakhazikitsa Negro National League ku Kansas City, ligi ya akuda okhala ndi matimu awo ndi ochemerera awo. Mpanda unagwa pa 15 Epulo 1947 pamene Jackie Robinson, wosewera wakuda, anasewerera Brooklyn Dodgers, timu ya m'ligi yaikulu. Taonani chakacho, mayi. Khoti lalikulu linadzathetsa tsankho m'sukulu za boma mu 1954, patapita zaka 7. Ndipo pali mbali yowawa imene ambiri amaidumpha: akatswiri akuda atatengedwa ndi matimu a azungu, maligi a akuda anafota mpaka kufa. Zigoli zawo zinadzaphatikizidwa m'kaundula wa ligi yaikulu mu 2024, eni ake ambiri atagona kale.

Za malamulo a ntchito ziliponso. Wosewera wina, Curt Flood, anakana kusinthanitsidwa kupita ku timu ina ngati katundu mu 1969, nagonja kukhoti lalikulu mu 1972, koma pofika 1976 osewera anali atapeza ufulu wosankha timu.

Chimene ndingakupempheni ndi ichi: mumufunse ngati kosiyi ikuwerengedwa pa digiri yake. Ngati ikuwerengedwa, musiyeni aphunzire. Mukadzamuimbira foni, mumuuze akufotokozereni za Josh Gibson, katswiri wa m'maligi a akuda, amene kaundula watsopanoyo anamuika pamwamba pa Ty Cobb, mzungu amene ankatsogola kale pa luso lomenya mpira.