Kwa mayi amene akuopa tsiku lokapimidwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala akudwala matenda ovutika maganizo ndi nkhawa kwa zaka zitatu, mpaka ntchito anasiya. Mayiwa anapempha boma kuti liziwapatsa ndalama zothandizira anthu amene matenda akuwalepheretsa kudzipezera zosowa, ndipo tsopano awaitana kuti akawapime. Analemba kuti: "Chilandirireni kalata yondiitanayo, tulo sindikutiona. Ndikuopa kuti ndikakalira aziti ndikunamizira, ndikakapanda kulira aziti ndili bwinobwino. Nditani?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Misozi yanuyo ine sikundidetsa nkhawa ngakhale pang'ono. Chimene chikundiopsa ndi timawu tiwiri timene tonsefe tinazolowera: "ndili bwino." Munthu amatha kukhala ali gone pabedi la kuchipatala, dripu ili pamkono, koma mukamufunsa kuti muli bwanji, amayankha kuti ali bwino. Ndi ulemu, ndipo pamsewu palibe cholakwika. M'chipinda chopimira timawuti timalembedwa mu lipoti, ndipo amene adzawerenge lipotilo sadzadziwa kuti munangoyankha moni.

Wopimayo dzina la matenda anu akulidziwa kale, lili pa fomu ndi m'makalata a dokotala wanu. Chimene akufuna kumva ndi mmene matendawo amasokonezera tsiku lanu: kudzuka, kusamba, kukonza chakudya, kukumbukira mankhwala, kutuluka pakhomo, kulankhula ndi anthu, kuyendetsa ndalama. Akakufunsani kuti, "Kodi mumasamba nokha?" ndipo inu n'kungoti "inde", nkhani yathera pomwepo. Koma ngati zoona zake n'zakuti mumasamba kawiri pa sabata, ndipo mpaka mchemwali wanu achite kukuumirizani, nenani zimenezo mmene zililimo. N'zochititsa manyazi, ndikudziwa. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe wina m'chipindamo amene amakhala nanu pa masiku amene simutsegula ngakhale makatani.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma a ku Britain akusonyeza bwino mmene opima amaganizira. Kumeneko thandizo lotchedwa PIP, lomwe linayamba mu 2013, limayang'ana ngati vuto limakugwirani masiku oposa theka, osati tsiku lopimidwa lokhalo. Ndipo amati munthu amatha chinthu pokhapokha ngati amachichita popanda ngozi, mochikwanitsa bwino, mobwerezabwereza, komanso mosatenga nthawi yaitali kwambiri. Choncho kufika kwanu pamalo opimirapo, mutavala bwino, sikutanthauza kuti mumayenda tsiku lililonse. Ngati kuti mufike munasowa tulo masiku anayi ndipo mawa lake mudzagona tsiku lonse, muwauze.

Pachifukwa chimenechi, pezani kope lero lomwe. Madzulo aliwonse lembani mizere itatu kapena inayi: mwadzuka nthawi yanji, mwadya kapena ayi, chakukanikani n'chiyani, wakuthandizani ndani. Nkhawa imabalalitsa mutu, ndipo munthu amatuluka m'chipinda n'kumakumbukira ali panjira zonse zimene amayenera kunena. Kopelo mulitenge, ndipo musachite manyazi kuliwerenga pamaso pawo. Lilinso ndi ubwino wina: zimene mwazilemba simufunikanso kuziloweza pakati pa usiku.

Tsopano za thupi. Mtima kugunda kwambiri, thukuta m'manja, kukamwa kuuma, m'mimba kubwadamuka, zonsezi ndi ntchito ya adrenaline, yomwe thupi limatulutsa likaona ngati pali choopsa. Silisiyanitsa pakati pa galu wolusa ndi envulopu ya boma. Mantha aakulu odzidzimutsa aja, amene munthu amaona ngati akufa, kawirikawiri amafika pachimake m'mphindi 10 kenako amayamba kutsika okha. Chimene chimathandiza ndi kutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa imene mwaukoka: kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6. Muyambe kuyeserera usiku uno, chifukwa chinthu chachilendo sichiphunzirika uli kale pa benchi yodikirira. Khofi muchepetse m'mawa wa tsikulo, amathamangitsa mtima.

Ndipatukeko pang'ono. Pali anthu amene amalangizana kuti usiye mankhwala masiku angapo kuti ukaoneke wodwaladi. Chonde musayese. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a matenda ovutika maganizo kumabweretsa chizungulire, nseru ndi kusowa tulo, ndipo matendawo akhoza kubwerera mwamphamvu. Palibe ndalama imene ingalipire zimenezo. Kuwonjezera nkhani nakonso n'kosafunika. Zoona zanu n'zolemera kale.

Musapite nokha ngati n'kotheka. Malo ambiri amalola kubwera ndi mbale kapena mnzanu, ndipo mutha kuimba foni pa nambala ili pa kalatayo kuti mutsimikize. Musankhe munthu amene anakuonanipo pa tsiku loipa, osati amene angakuyankhireni mafunso onse. Pa foni yomweyo mufunsenso ngati angakupimireni pa foni kapena pa vidiyo, ngati ulendowo ndi umene ukukuopsani kwambiri.

Pali funso limodzi limene ndikufuna mulidziwiretu kuti lisakakudzidzimutseni. Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito mndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9, kapena wa mafunso 7 wotchedwa GAD-7, ndipo yonse imafunsa za masabata awiri apitawa. Funso lomaliza la PHQ-9 limafunsa ngati mwakhala ndi maganizo oti bola kufa kapena odzivulaza. Wopima wanu akhoza kufunsa zofanana ndi zimenezi, mwina mouma, maso ali pa kompyuta. Amafunsa anthu ambiri, si kuti akuganizirani zoipa. Yankhani zoona. Ndipo ngati maganizo oterewa muli nawo panopa, musadikire tsiku lopimidwa: uzani dokotala wanu kapena munthu wapafupi lero, ndipo zikakula pitani kuchipatala msanga.

Mukalira, lirani. Pemphani madzi, pemphani mphindi zochepa. Funso likapanda kumveka, nenani kuti alibwereze. Mukapanda kulira, palibenso mlandu, ena nkhawa imawaumitsa gwa.

Nthawi zambiri wopimayo si amene amagamula. Iye amalemba lipoti, ndipo ofesi ya boma ndi imene imapereka chigamulo. Akakukanani, pali njira yopempha kuti aonenso. Pa thandizo la PIP lija munthu amapatsidwa mwezi umodzi kuchokera pa tsiku lolembedwa pa kalata ya chigamulo. Choncho mukangotuluka, inu ndi amene wakuperekezaniyo mukhale pansi penapake n'kulemba m'kope muja zimene anafunsa ndi zimene munayankha, zisanaiwalike. Lipoti lawonso mudzapemphe kuti akutumizireni. Tsiku limenelo musaikepo china chilichonse choti muchite, mukafika kunyumba mukagone.