Kope la agogo a m'mbali mwa Ruo

Achemwali, ntchito yothandiza pa kafukufuku wa madzi osefukira imene akuitanirani kupulojekiti yakunjayo ine ndinaigwirapo, ndipo pamene ndawerenga zomwe mwalembazi mtima wanga wabwerera kutali. Pepani, ndilemba zambiri. Anzathu apa akuti pitani basi, ndi mwayi, amalipira bwino. Eya, amalipira. Koma imvani kaye zanga.

Ine ndinalowa mu 2014 nditangomaliza digiri. Pulojekiti inali ya yunivesite ina yakunja, ndipo mkulu wake anali pulofesa amene ankabwera m'chilimwe mokha, misewu ili youma. Ntchito yanga inali kuika mageji (zipangizo zoyezera mvula) ndi timakina tolemba tokha kukwera kwa madzi m'timitsinje tothira mu Ruo, kuchokera kumunsi kwa Mulanje ndi Thyolo kutsikira cha ku Chiromo kumene Ruo amakumana ndi Shire. Amene munakulira kumeneko mukudziwa khalidwe la Ruo. Akadzaza amatsika ndi ukali wa m'phiri, n'kutsekereza Shire, madzi n'kumabwerera m'mbuyo cha ku dambo la Elephant Marsh mpaka kusowa kopita, kenako ali m'midzi. Pulofesayo chikhulupiriro chake chonse chinali pa timakinato chifukwa tinali todula. Ine ndinaumirira kuti pamalo amodzi tiimikenso thabwa la manambala m'madzi, pakhale munthu wowerenga m'mawa ndi madzulo, komanso geji ya mvula nthawi ya 8 koloko m'mawa monga amachitira a zanyengo. Anavomera mokakamizika. Tinapeza agogo ena aamuna, olankhula Chisena, amene analekezera sukulu kupulayimale koma manambala ankawalemba mwaukhondo kuposa ine.

Januwale 2015 mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Usiku wina agogo aja anandiimbira, ndili ku Blantyre. Sanalire, sanapemphe chithandizo. Anangoti thabwa lamira, ndiye ndiziwerenga pati? Ndinawauza kuti siyani zimenezo, tengani ana mukwere kumtunda. Foni inaduka, ndipo sinapezekenso. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi yadzidzidzi m'maboma 15. Ku Makhanga kunali kofikako ndi bwato kapena helikopita basi. Malipoti a boma pambuyo pake anati anthu 106 anamwalira, 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo. Masiku onsewo ine sindinkagona. Ndinkaona ngati ndine ndinawamangirira m'mbali mwa mtsinje ndi kandalama kathu kaja.

Ndinawapeza patatha pafupifupi masabata awiri, pamsasa wa pasukulu ina, atakhala pansi pakhonde, miyendo itatupa. Nyumba inapita, nkhokwe inapita, mbuzi zonse. Mdzukulu wawo mmodzi, kamnyamata kamene kankandithandiza kunyamula chikwama ndikapita, sanapezeke. Ndinagwada kuti ndipepese, pakamwa panga panauma. Iwo anapisa dzanja mkati mwa malaya n'kutulutsa kope lokulungidwa m'majumbo awiri a shuga, lomangidwa ndi mphira wa njinga. Louma bwinobwino. Anati tengani ntchito yanu, mwana wanga. Nditatsegula ndinapeza analemba mpaka pamene thabwa linamira, ndipo litamira anayamba kutema zizindikiro ndi chikwanje pamtengo wa mango umene anakwerapo, n'kumalemba nthawi ya chizindikiro chilichonse poyang'ana wotchi yawo yapamkono. Mausiku awiri ali mumtengo. Kulemba kwa tsamba lomalizalo kunali kokhota chifukwa cha kunjenjemera. Timakina todula tija tonse tinakokoloka, kamodzi tinakafukula mumchenga katafa kale. Umboni wokhawo wa mmene madzi anakwerera pamalopo, ora ndi ora, unali kope limenelo ndi mtengo wa mango uja.

Ndinabwereka chipangizo choyezera misinkhu, ndinakayeza zizindikiro zija chimodzichimodzi matope ali m'mawondo, ndinalemba zonse pakompyuta, ndinazisanthula, n'kutumiza pa imelo. Yankho linabwera tsiku lomwelo, lodzaza chimwemwe chifukwa cha data. Za agogo ndi mdzukulu wawo, zimene ndinalemba pamwamba penipeni pa imeloyo, panalibe ngakhale mzere umodzi.

Patapita zaka ziwiri pepala la kafukufuku linatuluka m'magazini ya sayansi yakunja. Mayina a olemba onse anali akwawo. Langa mulibe, la agogo mulibe. Kumapeto kwenikweni, m'tizilembo ting'onoting'ono, anathokoza othandiza a m'deralo, osatchula ndi mmodzi yemwe. Chithunzi chachikulu cha pepalalo, chosonyeza kukwera kwa madzi, chinali chochokera pa chikwanje cha agogo aja. Ndipo kuti ndiliwerenge lonse ndinkayenera kulipira, mpaka mnzanga wina amene anali kusukulu kunja ndiye ananditumizira. Nditadandaula eni pulojekitiyo anandiyankha kuti kutolera manambala si kulemba sayansi. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero. Ndani anasankha malo oimika thabwa? Ndani anaumirira kuti pakhale munthu? Koma amene anandipweteka kwambiri ndi Mmalawi mnzathu amene ankayang'anira pulojekitiyo m'tauni. Iyeyo ankadziwa zonse. Ndalama ya agogo ya miyezi itatu yomaliza sanaitulutse, akuti malisiti anapita ndi madzi, pamene iye ankasaina maalawansi a misonkhano kunyanja. Ndinawalipira ine kuchokera m'thumba mwanga. Nditamufunsa za dzina langa anandiuza kuti ndisakwiyitse alendo, angasiye kubweretsa mapulojekiti. Kontirakiti itatha anandilanda laputopu ndi zonse zinali momwemo. Ndinapulumutsa kope lokha chifukwa ndinali ndisanalipereke.

Mwina mukuganiza kuti ndikukokomeza za kope limodzi. Ayi. M'ntchito imeneyi manambala a pansi ndiye chuma chenicheni, ndipo kuno ndi osowa. Aliyense ali ndi intaneti angathe kutenga data ya mvula yochokera ku setilaiti ngati CHIRPS, yoyambira 1981, ali khale ku London. Koma setilaiti imasalaza mvula, imaiwaza pa dera lalikulu, ndipo mvula yoopsa imene imakhuthuka pambali imodzi ya phiri kawirikawiri imaichepetsa. Pamene namondwe Ana anatigunda mu Januwale 2022 n'kuwononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, akatswiri a World Weather Attribution, gulu lofufuza ngati kusintha kwa nyengo kukukulitsa ngozi zotere, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvulayo, koma anadandaula poyera kuti kuchepa kwa marekodi a masiteshoni a zanyengo m'chigawo chino kunawalepheretsa kunena kuti kunawonjezera ndi mlingo wanji. Sayansi yake ikudziwika, mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 pa 100 aliwonse. Koma kuti unene zimenezo za Ruo kapena Likangala pamafunika zaka makumi za munthu wodzuka m'mawa kukawerenga geji.

Ndipo nyengo ya kuno yakhala ikusinthasintha yokha kuyambira kale, ndicho chimene chimapangitsa ntchitoyi kuvuta komanso kukoma. Napolo anatsika ku Zomba mu Disembala 1946. Anatsikanso m'phiri la Michesi ku Phalombe mu Malichi 1991. Nyanja ya Malawi inaphwera mpaka kusiya kuthira mu Shire kuyambira cha m'ma 1915 kufika 1935. Ife tomwe, chaka chotsatira madzi a 2015, El Niño anatibweretsera ng'amba mpaka anthu oposa 6 miliyoni anafunika chakudya chothandizidwa. Ndiye munthu akakufunsa kuti kodi ichi ndi kusintha kwa nyengo kapena ndi zakale zomwe zija, sungayankhe ndi pakamwa chabe. Ngakhale mawu oti chigumula cha kamodzi pa zaka 100 anthu amawamva molakwa. Tanthauzo lake ndi mwayi umodzi pa 100 chaka chilichonse, chikhoza kubwera chaka chino n'kubweranso chaka chamawa. Madzi saiwala khwawa. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, atayenda masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, ku Nkhulambe kunagwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi okha, matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ndinakhala pawailesi usiku wonse ndikulira, ndikuganiza kuti ndi timitsinje tingati timene panalibe wowerenga ndi mmodzi yemwe.

Ndiye ntchitoyo itengeni. Inde, itengeni, ngakhale ndanena zonsezi. Tikufunika akuno ambiri, makamaka atsikana, odziwa kuwerengera madzi. Koma musanasaine, pakhale ndime yolembedwa yonena kuti pepala lililonse logwiritsa ntchito zimene mwatolera mudzaitanidwa kulemba nawo ndipo dzina lanu lidzakhalapo. Lonjezo lapakamwa musalimvere, mlendo ndi mame. Makope enieni azikhala kwa inu, iwo muziwapatsa zojambula, ndipo muzisunga zanu pamalo awiri amene si laputopu ya pulojekiti. Musapereke chilichonse mpaka za mayina zimveke. Komanso data musamaibise, chonde. Chimene chatipha kuno ndi maofesi okhalira marekodi m'makabati mpaka chiswe chiwadye, wophunzira akapempha akuti bwerani mawa. Zanu muzikaperekanso kunthambi ya zanyengo ndi ya zamadzi kuti zithandize a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi, pochenjeza anthu.

Phunzirani statistics mwakhama, ndi mapulogalamu osanthulira data a R kapena Python, ndi GIS (mapu a pakompyuta), kuti wina asadzakuuzeni kuti ndinu wotolera manambala chabe. Ndipo pakapezeka mwayi wa masters kunja, pitani. Ine kalata imene inandipezetsa sikolashipu inalembedwa ndi mayi wina wakunja komweko amene anamva nkhani yanga pamsonkhano n'kuchita manyazi m'malo mwa anzake, ndipo pepala langa loyamba tinalemba limodzi dzina langa lili patsogolo. Owerenga mageji anu muziwalipira tsiku lake, ngakhale mutenge zanu, ndipo muwauze mobwerezabwereza kuyambira tsiku loyamba kuti madzi akafika poti sakuwadziwa athawe, kope alisiye. Ine ndinachedwa kunena zimenezo, ndinazinena thabwa litamira kale. Inunso mvula ikakula musathamangire kumtsinje, dikirani madzi aphwe mukayeze zizindikiro za matope pamakoma ndi pamitengo, zimakhalapo masabata angapo.

Kontirakiti ikabwera nditumizireni ku inbox musanasaine, ndikufuna ndione ndime ya data ndi ya mayina. Mundiuzenso mtsinje umene akukutumizani.