Ntchito ya pafakitale yaing'ono usaithawe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata amene wangomaliza digiri ya computer science. Akuti fakitale ina yaing'ono yopanga mipando yamuitana kuti akawathandize kuchoka pa mabuku ndi Excel, zonse zizichitika pa system, koma bambo ake akukana, akuti sanalipire fizi kuti mwana azikakhala mu utuchi, adikire ya ku banki. Iyenso akuganiza zongolemba yekha system yonse kuti azigulitsa. Makalata otere amabwera pafupipafupi ndipo amandikwiyitsa.

Tiyambe ndi maloto akowo mwana wanga, aiwale kaye. Pulogalamu yoyendetsera bizinesi yotchedwa Odoo inayamba mu 2005 ku Belgium ikutchedwa TinyERP ndipo mpaka lero anthu ambirimbiri akuikonzabe, ina yofanana nayo yotchedwa ERPNext ilinso pomwepo, code yake ili poyera. Iweyo wekha ndi laputopu sungawapose.

Chomwe fakitale ngati imeneyo ikusowa ndi munthu wodziwa kugawa system m'ma module, ndiko kuti m'zigawo zoima pazokha. Stock payokha, maoda a makasitomala paokha, production payokha, akaunti paokha, ndipo zizilankhulana kudzera pa API, khomo loikika lopatsirana uthenga, osati iliyonse kumangolowa mu ma table osungira data a inzake mmene yafunira. Katswiri wa software David Parnas anafotokoza kale mu 1972 kuti module izibisa mkati mwake zinthu zimene zingasinthe mawa, n'chifukwa chake tsiku lomwe abwana adzafune pulogalamu ina ya akaunti mudzachotsa gawo lokhalo, production osaima. Ndiye suyamba zonse nthawi imodzi ayi, umayamba pomwe pakupweteka kwambiri, kawirikawiri ndi stock chifukwa amadziwa kuti guluu kapena masikuluwu atha oda itaima kale. Ukakonza pamenepo upange bill of materials ya mpando uliwonse, ndiye mndandanda wa zipangizo zonse zopangira mpandowo, kuti mpando ukatuluka matabwa ndi nsalu zake zizichotsedwa zokha mu stock, kenako ubwere ku maoda.

Za microservices zija munkakambirana m'kalasi, zogawa system m'timapulogalamu tambiri toyenda patokha, usabwere nazo kuno. Fakitale yaing'ono ilibe munthu wosamalira ma server ambirimbiri, pulogalamu imodzi yogawidwa bwino mkati ikukwanira. Limbikira zilankhulo za kompyuta za SQL ndi Python, Odoo yomweyo imayendera Python ndi database ya PostgreSQL. Komanso ukakhale pansi ndi wa ku stores uone mmene amalandirira katundu, munthu amene manja ake ali guluu yekhayekha sangadzaze fomu yaitali pa foni, akaona kuti ikumuchedwetsa abwerera ku buku lake ndipo system yako yafera pomwepo.

Tsopano inu bambo. Ku banki komwe mukunenako akamufunsa kuti wagwirapo chiyani ayankhe kuti chiyani, ndimadikira? Mukumusunga pakhomo mwana woti akanakhala akuphunzira kuyendetsa project yonse, kuyambira kumva vuto mpaka kuphunzitsa ogwiritsa ntchito, zomwe pakampani yaikulu sangamupatse msanga. Utuchi umachoka ndi madzi bambo, mulekeni apite.

Sindikunamiza, malipiro mwina akhala ochepa ndipo masabata oyamba uzingokonza mayina a katundu olembedwa mosiyanasiyana, bolt yomweyo mayina atatu. Zotopetsa koma ukhoza, ngati sugwa ulesi. Mugwirizane polemba za ntchito yako ndi malipiro usanayambe, ndipo usadakhudze data yawo upange kaye backup, uyesenso ngati ikubwezeretseka.