Funsani Amalume: za mfuti zakale zija komanso nyengo yosaka nyama ku America

Sabata ino makalata a mfuti ndi usaki achuluka, ndasankhapo atatu. Enanu a nkhani za nsomba musadandaule, anu ndasunga.

Amalume muli bwanji kumeneko. Ine ndili ku Chibavi. Achimwene anga anakwatira ku America ku Wisconsin, nde November wapitayu anatumiza zithunzi pa WhatsApp ya kubanja ali mtchire muli sinowo yekhayekha atavala jekete ya olenji ngati anthu okonza misewu, mmanja ali ndi chimfuti chakalekale chonga zija za makawuboyi tinkaonera ku vidiyo, pansi pagona chinyama cha nyanga zanthambinthambi. Akuti mfutiyo ndi ya apongozi awo, inagulidwa mzaka za mma 1950 ndipo amaitchula kuti lever-action. Amayi usiku umenewo sanagone akuti mwana wanga amumanga ameneyu. Kodi mfuti imeneyi ndi yotani, nanga anthu andalama ngati amenewa alekeranji kugula yatsopano? Ndipo ndi zoona kuti boma limalola?
Mphwanu, Chibavi

Mphwanga, choyamba pita ukawauze amayi agone tulo, mwana wawo sakumangidwa ngati anagula chiphaso. Ku Wisconsin kuli nyengo yosaka nyama imeneyi, yomwe amaitcha deer, ndi mfuti ya masiku 9 okha, imayamba Loweruka lomwe likutsogolera tchuthi chawo cha Thanksgiving kumapeto a November, ndipo anthu oposa theka la miliyoni amagula ziphaso nkulowa mtchire. Ku Michigan oyandikana nawo imayamba pa 15 November kulekeza pa 30. Chiphaso chimanena kuti uphe zingati, yaimuna kapena yaikazi, dera liti, ndipo ukapha umayenera kulembetsa ku boma pa foni kapena pa intaneti. Jekete ya olenjiyo si fashoni ayi, ndi lamulo. Nyamazo maso awo sasiyanitsa bwino mtundu wa olenji ndi masamba ouma koma munthu mnzako amakuona uli kutali, nde sangakuombere poyesa ndiwe nyama.

Tsono mfutiyo. Sindinaione koma mmene wafotokozeramo ndikuganiza kuti ndi Winchester Model 1894 kapena Marlin 336, ziwirizi ndi zomwe zinadzadza mnyumba za alimi akumeneko zaka zimenezo. Dzina loti lever-action likuchokera pa chitsulo chopindika ngati mphete chomwe chili pansi, kuseri kwa chokhethemulira. Umalowetsa zala zitatu mmenemo, ukaomba umachikankhira pansi nkuchibweza mmwamba, kamodzi kokha basi, khoko la chipolopolo lija lathawa panja, chipolopolo china chakwera kale mu mpope, kahamala kakumbuyo kakokeka kudikira chala chako. Zipolopolo zimakhala zitandandalikana mu kapaipi kamene kali kunsi kwa mpope, china kutsogolo kwa chinzake ngati anthu pa mzere wa kuchigayo. Phokoso lake ndi kwakwa, kawiri, ndipo amene anakula nalo akalimva amakumbuka bambo ake.

Kapangidwe kameneka nkakale zedi. Benjamin Tyler Henry anatulutsa yake mu 1860, kenako kampani ya Winchester inabwera ndi Model 1873. Koma ya alenje enieni ndi ya 1894, anaijambula ndi John Browning, ndipo chaka chotsatira 1895 anaipatsa chipolopolo chomwe lero timati .30-30, chimodzi mwa zoyamba za alenje kugwiritsa onga wosafuka utsi wambiri. Manambalawo sachita kuvuta, 30 yoyamba ndi kukula kwa chipolopolo, 30 yachiwiri ndi muyeso wa onga womwe ankathiramo. Za Model 1894 zokha zinapangidwa zoposa 7 miliyoni, tangoganiza. Marlin 336 inabwera mu 1948, yokha imataya khoko chammbali pomwe Winchester yakale imataya mmwamba, nchifukwa chake ofuna kumangirira galasi loonera patali ankakonda Marlin.

Pali kanthu kena kamene kamandisangalatsa ine. Ukaona zipolopolo za mfuti zimenezi, mitu yake ndi yobulungira kapena yophwatalala, osati yosongoka ngati za asilikali. Chifukwa chake ndi kapaipi kaja. Mutu wa chipolopolo chakumbuyo umagunda pamsana pa chakutsogolo, ndendende pomwe pali kadontho koyatsira onga, nde mfuti ikagunda paphewa poomba, mutu wosongoka ukhoza kuyatsa chinzake mkati momwemo, zonse nkuphulikira mdzanja lako. Mutu wophwatalalawo umapulumutsa dzanja koma umachepetsa mtunda, .30-30 ndi ya mamita 150, ukakakamiza 200, kupitirira apo ukungovulaza nyama. Kampani ya Savage inathana ndi vutoli pa Model 99 posunga zipolopolo mu kachinthu kozungulira mmalo mwa kapaipi.

Nde alekeranji kugula yatsopano? Mbali ina ndi nzeru chabe. Nkhalango zakumeneko ndi zothithikana, nyama umaiona pa mamita 50 kapena 70, ngati mmene zimakhalira mmapaini a ku Chikangawa momwe sungaone patali, nde mfuti yaifupi, yopepuka makilo atatu, yofulumira kukwera paphewa ndi imene ikufunika. Yoomba theka la kilomita ungapange nayo chani mmitengo? Mbali ina ndi mtima. Mfuti ya apongoziwo thabwa lake linachita kusalala ndi thukuta la mmanja, pachitsulo pomwe amagwira ponyamula utoto wakuda unafufutika mpaka kuyera, ndipo munthu akakubwereka chinthu chotero ndiye kuti wakulandira pabanja. Achimwene akowo anapatsidwa ulemu waukulu kaya akudziwa. Komanso ngati ndi Winchester ya mma 1950 ndi ija osonkhanitsa amati pre-64, popeza mu 1964 kampaniyo inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama ndipo anthu mpaka lero amati zakale ndi zomwe zinali zenizeni. Fakitale yake ya ku New Haven inatsekedwa mu 2006, zimenezi zinangowonjezera mtengo wa zakalezo.

Chenjezo limodzi uwatumizire. Zakalezi zilibe kabatani kotchinga kuti isaombe ngati zatsopano, zimadalira kahamala kaja kukhala pakati, ndipo pochotsa zipolopolo umachita kupukusa chitsulo chija chimodzichimodzi chilichonse kudutsa mu mpope. Mphindi imeneyo ndi yomwe ngozi imakonda, munthu watopa, zala zachita dzanzi ndi kuzizira kuposa kwa Mzuzu mu July, ali pafupi ndi galimoto anzake amuzungulira. Kamwa ya mfuti iloze pansi, chala chikhale kutali.

Amalume, ife kusukulu tinkangoti deer ndi gwape, ena amati mbawala, mBaibulo muli nswala. Tinakangana pa depoti mpaka minibasi kutisiya. Zoona ndi ziti?
Wowerenga, Luwinga

Nonse munalakwa pangono koma si mlandu wanu, Chichewa chilibe dzina la nyamayi chifukwa kuno kulibe. Gwape, mbawala, mphoyo, nswala, ngoma, mphalapala, chilembwe ndi ntchefu zonsezi ndi banja limodzi ndi mbuzi ndi ng'ombe, nyanga zake sizichita nthambi ndipo zikamera zamera mpaka imfa. Deer nyanga zake ndi fupa lenileni, zimachita nthambi ngati chinangwa chouma, zimathothoka chaka ndi chaka nkumeranso zina. Mu Africa muno deer yachilengedwe ili kumpoto kwenikweni kokha, kumapiri a Atlas cha ku Tunisia ndi Algeria. Ya ku Wisconsin ija ndi white-tailed deer, ikadzidzimuka imaimika mchira woyera kunsi nkuthawa. Pa msinkhu yandikizani ndi mbawala yaikulu kapena mphoyo, gwape wachepa kwambiri.

Amalume yewo. Agogo aamuna anatisiya chaka chatha kumudzi cha ku Ekwendeni, pogwetsa denga la nyumba yawo tinapeza mfuti itakulungidwa mu chiguduli, ya dzimbiri pangono koma ikuoneka yamphamvu. Ndaona pa YouTube azungu akusaka ndi mfuti za agogo awo nde ndimaganiza ndiipukute ndi oilo ndipeze zipolopolo tikayese ndi anzanga cha ku Chikangawa kapena kumalire a Vwaza, akuti nguluwe ndi agwape aliko. Ngati iwo amatero ife tilekerenji? Paja nyama ndi ya Mulungu.
Mdzukulu, Zolozolo

Mdzukulu, kalata yako ndaiwerenga kangapo ndipo ndikukumvetsa kuposa mmene ukuganizira. Nane agogo anga anali ndi gogodera, ndikukumbuka fungo la onga mmawa ndi mmene ankasinjira chiguduli mu mpope ndi kamtengo kachitsulo, ife ana titakhala patali kukamwa yasa. Akabwera ndi gwape mudzi wonse unkadziwa, mwendo wa amfumu unkachoka kaye. Ndikanakonda nditakhala nayo lero yopachika pakhoma. Koma zomwe ukuganizazi usachite, ndikukupempha.

Tiyambe ndi mfutiyo. Chiphaso cha mfuti mMalawi muno chimaperekedwa kwa munthu kudzera ku polisi, si chuma chamasiye choti chimangotsetserekera kwa mdzukulu ngati njinga kapena wailesi. Ngakhale agogo anali nacho chiphaso, iwe ulibe, nde kungoisunga mnyumba ndi mlandu kale usanaombe nkamodzi komwe. Ndipo usainyamule mu chikwama kukwera nayo minibasi kuti ukaionetse ku Mzuzu, pa rodibuloko sakamva zoti unali paulendo wokaipereka. Isiye pomwe ili potsekeka, ana asaifikire, tengana ndi amfumu kapena wamkulu wa banja mupite ku polisi manja ali lende mukanene, iwo akuuzani chochita. Komanso usakhethemule pofuna kuona ngati ikugwira. Mfuti zakale zambiri zimasungidwa zili ndi chipolopolo mkati mwini wake ataiwala, ndipo yokhala kudenga zaka zonsezo mu mpope mumakhala dzimbiri ndi dothi la tizilombo tomanga zisa, ukaomba mpope umang'ambika ngati nthochi pamaso pako. Ngati ndi ya onga wakale nkuikamo chipolopolo chamakono ndiye basi, zala zapita.

Tsono funso lako lenileni, ngati iwo amatero ife tilekerenji. Pa YouTube umaona mphindi khumi za munthu akuomba, suona miyezi ina yonse mfutiyo ili mu kabati yokhoma. Azungu omwewo anatsala pangono kuzimaliza nyama zawo. Cha mma 1900 deer za mchira woyera zinatsala pafupifupi theka la miliyoni mu America monse chifukwa aliyense ankangopha nkumagulitsa nyama pamsika chaka chonse, ndendende zomwe zinamaliza nyama mmapiri athu ambiri. Anachita kuletsa malonda a nyama yamtchire, kuika nyengo, kuika malire a chiwerengero, ndipo mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson loti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita kosamalira nyama ndi malo ake. Lero zilipo pafupifupi 30 miliyoni mpaka zikuvutitsa pamsewu ndi mminda. Nyengo yake anaiika dala kumapeto a chaka ana obadwa mu May ndi June atakula kale, ndipo chiwerengero chopha amachisintha malinga ndi mmene nyama zachulukira dera limenelo. Anakolola chifukwa anayamba aweta, ife pakadali pano tili pa siteji yowetayo.

Ndipo makolo athu zimenezi ankazidziwa, si nzeru yobwera pandege ayi. Uzimba sunkachitika tsiku lililonse, unkaitanidwa mchilimwe zokolola zili mnkhokwe, mwini dziko atavomera, ndipo panali nkhalango zina zosalowamo ndi uta. Zomwe zikuchitika lero zotchera makhwekhwe a waya mazanamazana nkukawayendera patatha sabata, nyama ina itaola kale, ina itaduka mwendo, kapena kuyatsa tchire lonse mapaini nkupsa chifukwa cha gwape mmodzi, agogo akowo sakanazitcha ulenje.

Za Vwaza iwala. Vwaza Marsh ndi Nyika ndi malo otetezedwa pansi pa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kulowamo ndi mfuti ndi mlandu ngakhale usanaphe kanthu, ndipo lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Ukati kumalire, malirewo usiku suwaona, ndipo oyang'anira nyama akakumana ndi munthu wa mfuti mumdima palibe amadziwa kuti zithera pati. Chikangawa nayo ili ndi eni ake ndi malamulo a zankhalango, si tchire la aliyense. Ngati nguluwe zikukudyerani chinangwa kumudzi kanenani ku ofesi ya zanyama zakutchire, nkhani zotere ndi ntchito yawo.

Koma njala yako yofuna kulondola nyama ija usaiphe, ndi yabwino. Sonkhanani ndi anzakowo mupite ku Nyika kudzera ku Rumphi, msewu ndi wovuta nde funsani kaye za galimoto, a Malawi timalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja. Dzukani mbandakucha ku Chelinda nkhungu isanachoke muone chilembwe ndi mbidzi zikutuluka pa chitunda, yesani kuyandikira mphoyo mphepo ikukuombani kumaso muone ngati mungafike mamita 50 isanaimbe kakhweru kake nkuthawa. Tenga jekete yokhuthala, kumeneko kumazizira mpaka udzu kuyera. Ndipo a polisi asanaitenge mfutiyo ijambule bwinobwino ndi foni osaigwiragwira, makamaka zolemba za pa mpope ndi nambala yake ngati zikuoneka, unditumizire tione ngati tingadziwe kuti agogo ankasunga chani kudengako.